Ndinafufuta Njira ya ku Manda a Apongozi Anga

Ndiyambe ndi kuvomera, chifukwa nkhaniyi ndakhala ndikuizungulira ngati galu wofuna pogona. Ine ndi amene ndinachititsa kuti mkazi wanga asadziwe pamene pagona bambo ake omubereka. Sindinalodze munthu, sindinabe kanthu, ndipo tsikulo ndinali ndisanalawe ngakhale dontho la mowa. Ndinangodina batani kawiri pa kompyuta, dzuwa lili paliwombo, nzeru zanga zili zonse, ndikuimba mluzu. Inu owerenga, makamaka inu amene kwanu amakutchani akatswiri a makompyuta chifukwa choti mumatha kuika nyimbo m'foni ya azakhali anu, khalani pansi mumve zimene zinandigwera.

Ndinabadwira ku Malawi, kumsasa wa othawa nkhondo, ndipo makolo anga anabwerera kwawo kuno ku Zobwe, kungodutsa malire, mtendere utabwera, ine ndili kamwana ka mamina. Ndinakula ndikupalira mbatatesi ndi kabichi m'mapiri muno, koma khasu silinandikonde ndipo nanenso sindinalinyengerere. Malasha atatchuka ku Moatize, anyamata onse a msinkhu wanga anatsikira kumeneko, ena kukayendetsa magalimoto, ena kukalondera pageti. Ine fumbi la mgodi ndinkaliopa. Ndinaona kuti aliyense wofuna ntchito akufunika kalata yotaipa bwino, ndiye ndinati ndikaphunzire kompyuta kuti ndizidya za malasha malaya ali oyera.

Amene anandiphunzitsa ndi Dona Ermelinda, mayi wa Chinyungwe amene ankakonza makompyuta m'kontena ina pafupi ndi msika wa Moatize. Anali aafupi, a magalasi okhuthala, osakonda kulankhula zambiri. Pa utsikana wawo ankataipa makalata pa makina akale aja aphokoso, ndipo makinawo atatha ntchito, iwo anakana kutha nawo limodzi. Anagula kompyuta yakufa, kuimasula, kuimanga, kuimasulanso, mpaka tsiku lina inadzuka. Pamene ine ndinkafika, anthu a zipewa zoyera a kumgodi, ophunzira mpaka kunja, ankaima pamzere padzuwa lowotcha la Moatize, makompyuta ali m'khwapa, kudikira mayi amene sukulu sanapite nayo patali. Kunena zoona, mpaka lero sindinaone munthu wina wa manja odekha ngati amenewo.

Ntchito imene inkabwera kawirikawiri inali yoika sisitema yatsopano. Sisitema ndi pulogalamu yaikulu ija imene imayendetsa kompyuta yonse, ndipo ikaonongeka kompyuta imangokuyang'ana ngati mbuzi yodwala. Kale ankaiika pogwiritsa ntchito zimbale zonyezimira zija, koma fumbi la Moatize silinkachedwa kupha malo olowetsera chimbale, ndiye ife tinkagwiritsa ntchito fulashi, kanthu kakang'ono kosungira zinthu kaja kamene mumabaya m'mbali mwa kompyuta. Koma sisitema sungangoiponya mu fulashi ngati mmene uponyera nyimbo. Pali kapulogalamu kapadera kamene kamaikonza fulashiyo kuti kompyuta izitha kudzukira pa iyo m'malo modzukira pa disiki yake ya m'kati. Umasankha fulashi, umasankha sisitema, umadina. Ndipo kapulogalamuko kasanalembe chilichonse, kamayamba kasesa zonse zimene zili mu fulashimo, osasiya ngakhale kachitsotso.

Dona Ermelinda ankaichita ntchito imeneyi ngati akusambitsa khanda. Fulashi yawo yoikira sisitema anaimanga ulusi wofiira, ndipo sinkaloledwa kusunga china chilichonse. Asanadine kanthu, ankakopera katundu yense wa kasitomala pa disiki ina yapadera, n'kuizula, n'kukaitsekera m'kabati. Chenjezo likatuluka pagalasi, ankaliwerenga mokweza liwu ndi liwu ngati mawu a m'tchalitchi, ngakhale anali ataliwerengapo kosawerengeka. Akatero ankachotsa manja patebulo, n'kumuyang'ana mwini kompyutayo pamwamba pa magalasi, n'kufunsa kuti, "Muli chiyani umu chimene mungalire nacho?" Ife ophunzira ankatiuza kuti munthu sasunga mbewu m'nyumba imene akufuna kuigwetsa.

Ine zimenezi zinkandinyansa. Ntchito ya kanthawi kochepa ankaitengera theka la tsiku, makasitomala akuchita thukuta panja. Patangotha miyezi isanu ndinadziona kuti ndakhwima, ndipo ndinakatsanzika. Iwo sanandiletse. Anangoti, "Pita bwino, mwana wanga. Mutu uli nawo chadidi, koma manja ako amathamanga kuposa maso." Ndinaseka, ndinawathokoza, ndinakwera chapa, minibasi ya kwathu kuno, kubwerera ku Zobwe. Ndinatsegula baraka yanga, kashopu kakang'ono, pafupi ndi chipata cha m'malire, n'kumataipa makalata, kujambula mapepala a madalaivala ndi kuika nyimbo m'mafoni. Anthu anayamba kunditcha injinyeru, ndipo ine sindinawakonze. Paja akuluakulu anati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Ku Moatize kuja sindinangotengako luso lokha. Ndinatengakonso mkazi, Joana, mwana wa ku Bagamoyo, mudzi wa ku Moatize komweko. Bambo ake anali woumba ndi kuwotcha njerwa, munthu wa manja ngati khungwa la mtengo koma wa mtima wofewa. Tsiku limene ndinapita kukaonekera, ine mlendo wa kumapiri wosadziwa Chinyungwe, anandikhazika pa njerwa pambali pawo n'kundinyemera chinangwa chootcha, ndipo nkhani inathera pomwepo. Sanakhalitse. Anamwalira ukwati wathu usanathe chaka, n'kuikidwa kumanda a kwawo komweko.

Kenako inafika nthawi yoti mabanja a ku Bagamoyo asamuke kuti mgodi ukule, ndipo akufa nawonso anayenera kusamuka. Mafupa anafukulidwa, kuikidwa m'timabokosi, n'kupita nawo kumanda atsopano, kutali ndithu ndi kumene anthu anakakhala. Joana anali ndi pakati, ndipo mukudziwa kuti mayi woyembekezera saponda kumanda. Ine ndinatsala kumusamalira. Wa m'banjamo amene anaona zonse anali mmodzi yekha, mkulu wake wa Joana, alamu anga a Fatima.

A Fatima ndi munthu woona patali. Ataona kuti mitumbira yonse ndi yofanana, dothi lofiira m'mizeremizere, ndipo chizindikiro chake ndi kathabwa kolembedwa dzina ndi nambala basi, anabwereka kamera kwa mnzawo wina. Anayambira pachipata, mzere ndi mzere, kujambula thabwa lililonse, la bambo awo ndi la wina aliyense, kuti mwina mawa wina adzafuna. Zithunzizo anakazisamutsira mu fulashi, kamera n'kubweza kwa mwini wake. Posakhalitsa amuna awo anapeza ntchito ku Beira, ndipo anakhala kumeneko zaka zisanu ndi ziwiri. Ifenso, ndisaname, sitinapiteko kumandako. Tinkangoti tidikire alamu adzatilondolere.

Atabwerera, banja linagwirizana zomanga chiliza cha bambo. A Fatima anapita kukaona malo ndipo anabwerako kukamwa kuli gwa. Moto wolusa unali utadutsa, chiswe chitamaliza zotsala, matabwa onse kulibe. Mtengo umene anauika m'maso ngati chizindikiro anthu anautema makala, ndipo manda anali atakula mbali zonse. Kuofesi yoona za mandawo kunali mndandanda wa maina ndi manambala, koma nambala ilibe ntchito thabwa lake likapsa, komanso mabokosi sanaikidwe motsata manambala, ankaikidwa monga mmene galimoto yafikira. A Fatima sanataye mtima. Anakwera chapa kubwera ku Zobwe, anamasula mfundo ya pakona pa nsalu yawo, natulutsa fulashi ija. Anati, "Alamu, inu ndinu injinyeru wathu. Mutisindikizire zithunzizi pa pepala, tikayende nazo kumanda, tikapeze pamene agona baba." Ndinailandira ndi dzanja limodzi, inu owerenga, kwinaku ndikuyankha foni.

M'mawa mwake ndinaibaya pa kompyuta ya m'baraka mwanga. Zithunzi zinatuluka, timatabwa tambirimbiri m'mizere, koma sindinatsegule ngakhale chimodzi kuti ndichione bwino. Kompyuta yanga inali ndi vayirasi kwa masabata angapo, ndipo tsiku limenelo inafika poipa. Ndikati ndisindikize, imauma. Ndikaizimitsa n'kuiyatsa, imaumanso. Ndinapsa mtima n'kunena kuti lero ndithana nayo, ndiika sisitema yatsopano, kenako ndisindikize zithunzi za alamu pa makina oyera. Sisitemayo ndinali nayo kale m'kompyutamo. Chimene chinasowa ndi fulashi yoikonzera, chifukwa yanga ndinabwereketsa dalaivala wina amene anapita nayo osabwerera. Maso anga anagwera pa fulashi ya a Fatima imene inali chibayire.

Musaganize kuti sindinkadziwa kuti ifufutika. Ndinkadziwa bwino lomwe, ndipo ndinadzitama kuti ndine wochenjera. Ndinakopera zithunzi zonse kuchoka mu fulashi kuziika m'kompyuta, ndinaona kuti zafika, ndinagwedeza mutu. Ndinatsegula kapulogalamu kaja, kusankha fulashi, kusankha sisitema. Chenjezo linatuluka loti zonse za mu fulashiyi ziwonongeka. Mumtima ndinati, ziwonongeke, zithunzi zili m'kompyuta. Ndinadina. Kameneko kanali koyamba.

Fulashi itapsa, monga timanenera ikatha kukonzedwa, ndinazimitsa kompyuta n'kuidzutsira pa fulashiyo. Zonse zinayenda ngati madzi. Panthawiyi kunabwera makasitomala awiri ofuna mafotokope, tinacheza, tinaseka za mpira. Nditabwerera pampando, kompyuta inkandifunsa kuti sisitema yatsopanoyi iikidwe pati, ndiponso ngati ndikufuna kupukuta disiki yonse. Ndinaganiza za vayirasi ija, mkwiyo unabweranso. Nyimbo zanga ndi makalata a makasitomala ndinali nditazisamutsira m'foni sabata yapitayo. Nanga zithunzi za alamu? Mutu wanga unandiyankha msangamsanga kuti zithunzi za alamu zili mu fulashi ya alamu, si ndi mmene anabwera nazo? Ndinadina kachiwiri.

Mwaona mmene mutu wa munthu umanamizira mwini wake? Popukuta fulashi ndinadalira kompyuta, popukuta kompyuta ndinadalira fulashi. Sisitema yatsopano inadzuka yowala bwino, yothamanga ngati mwana wa mbuzi. Ndinalumikiza makina osindikizira, ndinaika mapepala abwino onyezimira amene ndinagulira ntchito imeneyi, ndinatsegula fulashi kuti nditenge zithunzi. Munalibe chithunzi ngakhale chimodzi, munali mafayilo a sisitema okhaokha. Ndinathamangira m'kompyuta, namonso munali mbee.

Apa ndi pamene ndinawonjezera uchitsiru pa uchitsiru. M'malo moulula, ndinabisa. Kunyumba ndinanena kuti inki yatha, tidikire ya ku Tete. Masiku atatu ndinadzitsekera m'baraka, kukoka mapulogalamu a pa intaneti amene amati amabweza zofufutika, kuwaika m'kompyuta yomweyo, ina pamwamba pa inzake. Palibe chimene chinabwera koma zinyalala. Chakudya chinkandikanika. A Fatima anali adakali kwathu kudikira mapepala awo, akuthandiza mng'ono wawo kusenda mbatatesi, ndipo tsiku lililonse ndikalowa ankandilonjera mwaulemu kuti, "Mwaswera tani, injinyeru?" Dzina limenelo linayamba kundibaya ngati minga.

Tsiku lachinayi ndinalephera kupirira. Ndinaitana Joana ndi a Fatima pakhonde, ndinakhala pansi penipeni, n'kunena zonse mmene zinayendera. Joana sanakuwe. Anangofunsa kuti, "Ndiye kuti bambo anga atayika?" Analowa m'nyumba, ndipo ndinamumva akulira mmene analirira tsiku la maliro. Ndinayembekeza kuti a Fatima andilalatira, ndipo zikanandipepukira akanatero. Koma iwo anakonza mpango kumutu n'kufunsa funso limodzi lokha: "Amene anakuphunzitsani ntchitoyi alipo?" Nditavomera, anati, "Nyamulani makina anuwo. Mawa tikukwera chapa yoyamba."

Ulendo wa ku Zobwe mpaka ku Moatize ndauyenda kambirimbiri, koma tsiku limenelo unatalika. Ndinakhala kumbuyo, bokosi la kompyuta lili pamiyendo ngati mwana wodwala, magalimoto akuluakulu akutipitirira, mphepo yozizira ya kwathu ikusanduka chifundizi pamene tinkatsika. Manyazi amene ndinali nawo sanali a alamu okha. Zaka zonsezi ndinali ndisanapiteko kukawaona Dona Ermelinda, ngakhale kuwaimbira foni.

Tinawapeza m'kontena yomwe ija, tsitsi litachita imvi, magalasi atakhuthala kuposa kale. Anandizindikira nthawi yomweyo. Ndinafotokoza, ndipo iwo anamvetsera osandidula. Sanandikumbutse za manja othamanga, ngakhale anali ndi ufulu wonse wotero. Anangofunsa kuti kompyutayo ndaigwiritsa ntchito masiku angati chiipukutireni. Nditati atatu, ndiponso kuti ndaikamo mapulogalamu ofufuzira, anatseka maso kanthawi. Anati, "Kupukuta kuja sikunali imfa, mwana wanga. Kompyuta ikafufuta imangochotsa dzina pakhomo, katundu amakhala adakali m'nyumba mpaka wina atalowamo. Chilichonse chimene unaikamo masiku atatuwa chinkagona pamwamba pa zithunzizo." Kubisa kwanga kunaononga zambiri kuposa kudina kuja.

Kenako anatembenukira kwa a Fatima, anawagwira dzanja, n'kulankhula nawo m'Chinyungwe motsitsa mawu. Ndinatolapo zochepa. Anawauza kuti sakulonjeza kanthu, koma chimene chatsala achipeza.

Inu owerenga, ndinaona ntchito tsiku limenelo. Ndinkaganiza kuti ayatsa kompyuta yanga n'kuyamba kufufuza ngati mmene ndinkachitira ine. Ayi. Anatsegula kabati n'kutulutsa fulashi ina, ya ulusi wobiriwira, imene anaikonza kuti kompyuta izidzukira pa iyo n'kugwira ntchito osalemba kanthu pa disiki ya m'kati. Luso lomwe lija limene ine ndinaonongera zinthu, iwo ankapulumutsira zinthu. Atadzutsa kompyutayo mwa njira imeneyi, anakopera disiki yonse mmene inalili, malo olembedwa ndi ooneka ngati opanda kanthu omwe, kuiika pa disiki yawo ina. Anachitanso chimodzimodzi ndi fulashi ya a Fatima. Zanga zija anazizula n'kuzitsekera m'kabati, nati kuyambira pano tifufuza pa zokopera, kuti tikalakwitsa tikhale ndi pobwerera. Kukopera kokhako kunatenga tsiku lonse, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga sindinaone kuti akuchedwa.

Tinagona kwa achibale, n'kumabwera m'mawa uliwonse. Pulogalamu yawo yofufuzira inatulutsa mafayilo zikwizikwi opanda maina: zithunzi za makasitomala anga, zidutswa za makalata, nkhope za oimba, zonse zitasakanikirana ngati nyemba ndi miyala. Dona Ermelinda anakhazika a Fatima pambali pawo, n'kumatsegula chimodzichimodzi. Makasitomala ena ankawabweza kuti abwere sabata yamawa. Mmodzi wa zipewa zoyera atadandaula, anamuyankha osatembenuka kuti, "Shipera, senyoro, dikirani bwana. Yanuyo ikufuna kuthamanga basi, koma pano tikufuna munthu." Pofika tsiku lachitatu, matabwa anayamba kuoneka. Ena anali athunthu, dzina likuwerengeka bwino. Ena anali odukaduka, theka chithunzi theka phulusa. A Fatima ankatchula maina a anthu a kwawo mmodzimmodzi, misozi ikutsika, osaipukuta.

Thabwa la apongozi anga silinatuluke. Tinabwereza mulu wonse kawiri, koma kunalibe. Ine ndinati basi zatha, ndipo ndinayamba kumanga zingwe za kompyuta yanga. Dona Ermelinda anandiuza kuti ndikhale pansi. Anafunsa a Fatima ngati ankajambula mosakaniza kapena motsatana, ndipo atamva kuti anayambira pachipata mzere ndi mzere, nkhope yawo inawala. Anatisonyeza chinthu chimene ine injinyeru sindinkachidziwa, kuti kamera imalemba m'kati mwa chithunzi chilichonse nthawi imene chinajambulidwa, ndipo dzina la fayilo likatayika nthawiyo imatsala. Anasanja zithunzi zonse motsata nthawi, ndipo manda onse anayala pagalasi monga mmene a Fatima anawayendera tsiku lija. Pamene chithunzi chinasowa, nthawi inkadumpha, ndipo iwo ankaika kapepala kopanda kanthu.

Pa mzere wachisanu ndi pamene a Fatima anaimirira. Thabwa lachitatu linali la mayi wina amene ankamudziwa, lachisanu ndi chimodzi la mphunzitsi wina wakale, ndipo pakati pawo panasowa awiri. Anakumbukira kuti bambo awo anaikidwa pafupi ndi mayi ameneyo, moyandikana ndi mlendo wina amene anabwera ku Bagamoyo kudzagwira ganyu ya njerwa n'kufera komweko, wopanda wachibale aliyense. Mipata ina yonse ya m'mizere yapafupi inali ndi eni ake odziwika. Choncho mwa mitumbira iwiri ija, umodzi unali wa bambo, wina wa mlendo.

Dona Ermelinda anatisindikizira zithunzi zonse zimene zinapulumuka, anazikoperanso m'malo atatu osiyana, ndipo Loweruka anatseka kontena yawo n'kupita nafe kumanda. Palibe amene anawapempha. Joana anatsika kuchokera ku Zobwe kudzakumana nafe. Tinapeza kuti abale a mayi uja anali atamanga kale chiliza cholembedwa dzina, ndipo pa mphunzitsi paja panali mtanda wachitsulo. Pakati pawo panali mitumbira iwiri yophwa ndi mvula, yomera udzu, yofanana ngati mapasa. Tonse tinayang'ana a Fatima. Anaima kumutu, anazungulira n'kuima kumiyendo, anatseka maso, anatsegula. Ankakumbukira kuti mlendoyo anali kudzanja lamanja la bambo, koma sankakumbukira kuti tsikulo iwo anaima mbali iti. Anayesa, a Fatima anayesa ndithu, mpaka anagwada pansi n'kunena kuti, "Nee, sindinganame pamaso pa akufa. Sindikudziwa."

Ine ndinkafuna nthaka itseguke ndilowe, ndikhale wachitatu pamenepo. Wina mwa achibale anayamba kunena zoti mwina tikafunse kwa asing'anga, wina zoti tingosankha umodzi, Mulungu adziwa yekha. A Fatima anadzuka, anasasa fumbi pa nsalu yawo, n'kunena mawu amene sindidzawaiwala. "Baba ankadya mbale imodzi ndi aganyu awo. Sangadandaule kugona nyumba imodzi ndi mlendo. Timanga chiliza chimodzi chachikulu, chikwirire onse awiri. Munthu uyu analibe womulira, lero wapeza ana."

Ndi mmene tinachitira. Njerwa zake tinaumba tokha monga ankaumbira mwini wake, ndipo ine amene ndinathawa khasu ndinaponda dothi mpaka mapazi anang'ambika. Pa chilizacho tinalemba dzina la apongozi anga, ndipo pansi pake tinalemba kuti "ndi mnzawo". Zithunzi zina zija a Fatima anayenda nazo khomo ndi khomo kwa anthu a ku Bagamoyo, ndipo mabanja angapo amene anali atataya mtima anapeza manda a abale awo. Anthu akamayamika, ena amanditchulako ine, kuti injinyeru wa ku Zobwe anathandiza. Ndimawakonza msanga. Amene anathandiza ndi amayi awiri, wina amene anaganiza zojambula pamene ena onse ankangolira, ndi wina amene anakhala masiku akutola zimene ine ndinamwaza.

Ndinabwerera kwa Dona Ermelinda kukamaliza maphunziro amene ndinawathawa, bambo wa ana atatu kukhala pa benchi limodzi ndi achinyamata, ndipo sindinachite manyazi. Tsopano inu owerenga, ndikupempheni zinthu zochepa. Mukafuna kukonza fulashi yoikira sisitema, gulani yakeyake, yopanda kanthu, ndipo ya munthu wina musaikhudze ngakhale mutafulumira bwanji. Chimene mwakopera m'kompyuta imene mukufuna kuipukuta musachiwerengere kuti mwasunga. Chiikeni pena, muzule, muike kutali ndi dzanja lanu, kenako mutsegule muone ndi maso kuti chilipodi. Chenjezo likatuluka, liwerengeni mokweza ngakhale anthu akusekeni. Ndipo zikakuonongekerani, zimitsani makinawo nthawi yomweyo, muulule tsiku lomwelo, mupite kwa odziwa. Dona Ermelinda anandiuza mosabisa kuti ndikanabwera tsiku loyamba, mwina thabwa lija likanapezeka. Manyazi anga a masiku atatu ndi amene anakwirira dzina la munthu amene anandilandira ngati mwana wake.

Joana anandikhululukira, ndipo sananditchulirepo nkhaniyi ngakhale tikakangana pa zina. Koma chaka chilichonse, pa tsiku lokumbukira akufa, timapita kumanda kuja kukasesa ndi kuyatsa makandulo, ndipo ine ndimaima kumbuyo kwake. Amagwada, amayatsa kandulo, dzanja lake limapita kumanja, limaima, limabwerera kumanzere, limaimanso. Kenako amaika kanduloyo pakati. Satembenuka kundiyang'ana. Koma kamphindi kameneko, kamene mwana akufunafuna bambo ake ndi kandulo m'manja, ndinakapanga ndine.